Ayironi

Sukulu yathu imayamba dzuwa likatsamira pa Michiru,
ife amene mayeso a Folomu 4 anatigwetsa kawiri.
Ndimafika ndikununkha dizilo,
pakhosi pakadali "Limbe! Limbe! Awiri otsala!"
zala zikadapindika ngati zasunga chenje cha munthu.

A Namalomba, jekete lawo lotuwa ndi choko,
amalemba pabolodi mawu aatali ngati mzere wa ku Gulupu:
simile, metafo, haipabole, onomatopiya.
Lilime langa limaphulika tayala lisanafike kumapeto.

Akuti wolemba Chingerezi amathira zimenezi
monga mayi anu athirira nsinjiro mu mpiru.
Zilowezeni, zimabwera pamayeso.

Ndinaloweza ngati mitengo ya masiteji.

Kutacha, pa Mibawa, galimoto itakana kulira,
dalaivala wanga Likoswe anaisisita pachipumi:
"Dzuka nkhalamba iwe, ukutsokomola chiyani?
Si dzulo lomweli ndakumwetsa oyilo?"
Ndinasolola kope pansi pa mpando, ndinayang'ana.
Pesonifikeshoni.
Likoswe yemweyu, amene sukulu anaitsanzika ali Sitandade 5!

Pa Chichiri mayi wa dengu la tomato anadandaula:
"Mwatipanikiza ngati usipa wa m'thumba."
Simile.
Bambo wa tayi, nditachedwa ndi chenje chake,
sanataye nthawi ndi ka "ngati" kaja.
"Kondakitala, ndiwe fisi."
Zikomo bwana, mwandipatsa metafo yaulere.

Haipabole ndiye ndinaipeza mkamwa mwanga momwe.
Anthu khumi ndi asanu ndi anayi, mbuzi imodzi, matumba a makala,
ine mutu kunja kwa zenera:
"Kwerani mayi, malo mbwee, mukhoza kuyala mphasa!"
Chitseko chinati gubudu,
makobiri ngwengwengwe m'dzanja,
mabuleki kwiii pa Maselema.
Mawu aatali aja, onomatopiya,
ndiye kuti timangowaponda tsiku lonse osadziwa
kuti kwina amawapatsira malikisi.

Koma ayironi inandikanika.
Ine ndimadziwa ayironi ya makala, yositira malaya a Lamlungu.
A Namalomba anafotokoza katatu:
kunena china, zenizeni zili zina,
kapena moyo kukutembenukira ngati chitenje cha pamphepo.
Kachinayi magetsi anathima
ndipo tinatuluka tikuunika ndi mafoni.

Lachisanu mvula inagwa yopanda chisoni,
mwezi utatha, malipiro a aphunzitsi asanatuluke.
Tikutsika cha ku Kamba ndinaona jekete lija,
choko chonse chitatsukidwa,
mabuku atawabisa pachifuwa ngati khanda lodwala.
Ndinamenya denga kawiri. Likoswe anaima.

"Kwerani aphunzitsi."
"Ayi mnyamata, ndikungowongola miyendo."
Madzi akutsika m'ndevu, nsapato zikumwa ngalande.

Anakwera.
Ndinawakhazika pakampando kanga, ine n'kupindika pachitseko.
Dzanja lawo linalowa m'thumba lakumanja,
linatuluka, linalowa lakumanzere,
linakhalitsa kumeneko ngati likufunsa njira.
Munthu amene mutu wake ndi golosale ya mawu,
amene angakuuzeni mayina asanu a mvula m'chilankhulo cha eni,
analibe ya kuchoka pa Kamba kufika ku Limbe.

Ndinayang'ana kunja, kuwerenga mitengo ya magetsi.
"Zalipiridwa kale, aphunzitsi."
"Ndi ndani?"
"Bambo wina watsika kumbuyoku."
Likoswe anandiyang'ana pagalasi, sananene kanthu,
anangokweza wailesi.

Usiku umenewo ndalama zinaperewera pa tageti.
Bwana analankhula mawu amene m'buku mulibe dzina lake.

Lolemba jekete linali litauma, litasitidwa bwino,
mzere wa ayironi ukuoneka pamkono.
Anatembenuka, choko m'manja:
"Ndani atipatse chitsanzo cha ayironi?"
Kalasi yonse zii.
Maso awo anadutsa mizere itatu, anafika pa ine,
anaima pang'ono ngati minibasi yoona pasenjala.

Ndinali nacho chitsanzo,
chabwino, cha malikisi onse khumi.

Ndinaweramira kope langa.
Sindinakweze mkono.